Kukonza Zopondapo ndi Liva ya Giya Kuti Njinga Yamoto Iyenerane ndi Munthu Wamkulu Thupi

Alangizi a zaulimi, alimi otsogolera anzawo ndi ogula mbewu ambiri kuno kum'mawa amatha theka la tsiku ali pa njinga yamoto. Njira zawo si za phula. Amadutsa m'tinjira ta ngolo, mumcenga wa mitsinje youma ya ku cigwa ca Luangwa, m'miyala ya kumapiri ndi m'matope a m'madambo mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale. Njinga zimene amakwera, monga Yamaha AG200, Honda XL125 ndi Suzuki TF125, zija kumudzi timangoti "honda" zonse, zinapangidwa moyerekeza munthu wa msinkhu wapakati ndi phazi lapakati. Munthu wamtali wovala jombo ya saizi 11 kapena 12 akakwera, maondo amapindika ngati wakhala pa kampando ka mwana, phazi limakana kulowa pansi pa liva ya giya, ndipo pofika madzulo msana ndi ciuno zimakhala zikuwawa.

Ambiri amangopirira poganiza kuti njinga inabwera conco ndipo palibe cocita. Koma kupirirako kumabala ngozi. Taganizirani mlangizi amene wamanga thumba la mbewu pa kaliyala ndipo akutuluka mumtsinje wa mcenga. Akufuna kucoka m'giya yoyamba kulowa yaciwiri, koma phazi silinakweze liva mokwanira. Pa njinga zambiri pakati pa magiya awiriwa pali neutral, conco injini ingolira, gudumu la kumbuyo lileka kukankha, la kutsogolo lizama. Munthu uja wagwa, njinga yamupsinja mwendo, ekizozi yamuwocha. Oona adzati sadziwa kuyendetsa, pamene colakwa cinali pa bauti imodzi yomasula ndi sipanala yaing'ono.

Njinga ingathe kusinthidwa kuti imvere thupi la mwini wake, malinga nchitoyo icitike mwa dongosolo. Yambani ndi zosalira ndalama, kenaka zofuna kugula kapena kuwocherera, ndipo mukasintha cinthu cimodzi bwererani kukayesanso liva ndi buleki.

Kukula kwa thupi kuli pamitundu itatu

Musanagwire sipanala, dziwani kaye kuti kukula kwanu kuli pati. Wina ndi wamtali miyendo, ndipo vuto lake ndi kufupika kwa mtunda wa pakati pa mpando ndi zopondapo, zija amakanika amati mafutiresiti. Wina ndi wa msinkhu wamba koma ali ndi phazi lalitali, kapena amavala majombo okhuthala; vuto lake lili pakati pa copondapo ndi nsonga ya liva. Wacitatu ndi wolemera thupi. Iyeyu akakhala, sipuling'i ya kumbuyo imafinyika kwambiri, njinga imatsika, zopondapo zimayandikira pansi.

Mankhwala ociza mmodzi akhoza kupweteka mnzake. Kutsitsa zopondapo kumamasula maondo a wamtali, koma kwa wolemera, amene njinga yake yatsika kale, kumaonjezera ngozi yogunda zitsa ndi miyala. Amene ali ndi zonse zitatu ayambe ndi sipuling'i, monga tifotokozere kumapeto, cifukwa kuyeza kwina konse kumadalira mmene njinga yaimira munthu atakhalapo.

Cimene cimacitika mukaponda liva

Liva imagwira pa kacitsulo kotuluka m'injini kumanzere, kochedwa shafuti ya giya. Kunsonga kwa shafutiyo kuli mano ang'onoang'ono kuzungulira konse, ndipo m'kamwa mwa liva mulinso mano olowana nawo. Mkati mwa injini shafuti imatembenuza kamgolo kamene kamakankha timafoloko tosuntha magiya. Kuponda kamodzi kapena kukweza kamodzi kumasintha giya imodzi yokha, kenaka sipuling'i imabweza liva pakati kuti ikonzekere giya yotsatira.

Pamenepa tiphunzirapo zinthu ziwiri. Coyamba, liva iyenera kuyenda ulendo wake wonse. Ikathera panjira, giya imalowa theka kapena imagwera mu neutral. Caciwiri, liva iyenera kumasuka kuti ibwerere pakati. Phazi lalikulu lopanikizika pansi pake limailetsa kubwerera, motero giya yotsatira imakana kulowa ngakhale mukweze ndi mphamvu. Phazi lotsamira pa liva ulendo wonse nalonso limadyetsa timafoloko tija pang'onopang'ono, mpaka giya imayamba kutuluka yokha pokwera mtunda. Kukonza zimenezo kumafuna kugawa injini pakati, nchito yodula kwambiri kuyerekeza ndi mphindi khumi zosunthira liva.

Yezani mutavala nsapato zoyendera

Imikani njinga pamalo osalala, mnzanu aigwire kuti iime cilili osatsamira pa sitandi. Valani nsapato zenizeni zimene mumapita nazo kuminda, pakuti liva yoyezedwa ndi nsapato yopyapyala sidzalola jombo. Khalani pa mpando monga mukhalira poyenda, copondapo cikhale pakati pa phazi, kutsogolo pang'ono kwa cidendene ca nsapato. Tsopano onani zinthu zitatu. Kodi zala zikulowa pansi pa liva popanda kupotoza kakolo? Kodi nsonga ya liva ikugwira pamwamba pa phazi pamene cala cacikulu cimayambira? Kodi mungaiponde mpaka pansi popanda kunyamula bondo lonse?

Mukatha, imirirani pa zopondapo ndi kubwereza zonsezo, cifukwa mumcenga ndi m'maenje munthu amayendetsa ataimirira kuti miyendo imeze kugunda. Mudzaona kuti zofuna za thupi zimasiyana. Wamtali akakhala, bondo limapitirira kutsogolo ndipo kakolo amakhala atapindika kale, conco kukweza zala kumavuta ndipo amalakalaka liva yotsika. Akaimirira, phazi limagona mopingasa ndipo limafuna liva yokwererapo, makamaka ngati jombo ndi yokhuthala kunsonga. Poyambira pabwino ndi apa: gonekani lula pamwamba pa copondapo, nsonga ya liva ikhale molingana nayo kapena pamwamba pang'ono. Kucokera pamenepo sunthani malinga ndi mmene mumayendera kawirikawiri.

Kusuntha liva pa mano ake

Tsukani matope onse pozungulira shafuti. Lembani kamzere ka penti kapena ka msomali kodutsa pa nsonga ya shafuti ndi pa liva, kuti mudziwe pamene munayambira. Bauti yofinya kamwa la liva nthawi zambiri imamasuka ndi sipanala ya 8 kapena 10. Icotseni yonse, musangoimasula, cifukwa imadutsa m'kangalande kozokotedwa pa shafuti, ndipo ikakhala momwemo liva singatuluke. Ngati liva yakakamira, lowetsani sikuludilaiva pa mng'alu wa kamwa lake ndi kukanula pang'ono, kenaka igwedezeni ndi dzanja. Musamenye shafuti ndi nyundo. Nkhonya iliyonse imakathera mkati mwa injini.

Sunthani dzino limodzi lokha. Mano ndi aang'ono, koma liva ndi yaitali, conco dzino limodzi limasuntha nsonga kwambiri. Mwacitsanzo, ngati shafuti ili ndi mano 30, dzino limodzi ndi madigiri 12, ndipo pa liva ya masentimita 13 nsonga imakwera kapena kutsika pafupifupi masentimita atatu. Bwezeretsani bauti, kenaka kwezani liva ndi dzanja mpaka pothera, muitsitsenso mpaka pothera, kwinaku mukukankha njinga pang'ono kuti magiya alowe. Isagunde civundikiro ca sipuloketi pokwera, ndipo isagunde felemu potsika. Mangani bauti molimba koma osapitiriza. Bauti ya mamilimita 6 imafuna mphamvu ya pafupifupi 10 Nm, ndipo buku la njinga yanu lili ndi nambala yake yeniyeni. Mukayenda tsiku limodzi, yesaninso kulimba kwake.

Njinga zina sizimanga liva pa shafuti mwacindunji. Pakati pamakhala kamtengo kacitsulo ka manati awiri. Pa zimenezi mumamasula manatiwo ndi kupotoza kamtengoko kuti katalike kapena kafupike. Kumbukirani kuti nati ya mbali imodzi imamasukira kumanja, mosiyana ndi cizolowezi.

Liva yogwedera ndiyo imadya mano. Mano akatha, amakanika ena a m'mbali mwa msewu amathamangira kuwocherera liva pa shafuti. Musalole zimenezo. Moto umapsereza kamphira kotsekereza oilo pamene shafuti imatulukira, oilo imayamba kudontha, ndipo tsiku limene injini idzafuna kutsegulidwa padzafunika kudula citsulo. Simudzathanso kusuntha liva ngakhale dzino limodzi. Ngati mano a m'kamwa mwa liva atha, gulani liva ina msanga shafuti isanadyeke, pakuti liva ndi yochipa koma shafuti imalowera mkati.

Pamene liva ndi yaifupi

Kukweza kapena kutsitsa sikuthandiza ngati nsonga ya liva ikugwera pakati pa phazi, pa zingwe za nsapato. Munthu wotere amabweza phazi kumbuyo nthawi iliyonse akafuna kusintha giya, ndipo pa kamphindi kameneko amakhala ataponda ndi mwendo umodzi. Cofunika apa ndi liva yotalikirapo ndi sentimita imodzi kapena awiri. Yesani kufunsa m'masitolo a zitsulo za njinga, mutanyamula liva yakale kuti muyerekeze mano ndi kapindikidwe kake.

Ikasowa, wowocherera waluso angatalikitse liva yacitsulo. Icotseni pa njinga, aidule pakati pamene ndi yowongoka, kutali ndi kamwa, ndipo aikepo kacidutswa ka citsulo cofanana kukhuthala. Musapitirire masentimita awiri, cifukwa liva ikatalika, ulendo wa nsonga umatalikanso ndipo kakolo amalephera kuumaliza. Musamupemphenso kuti ailimbitse ndi citsulo cokhuthala. Liva inapangidwa kuti njinga ikagwa izipindika yokha, shafuti n'kupulumuka. Mukailimbitsa koposa, mphamvu yonse idzapinda shafuti. N'cifukwa cake liva ya nsonga yopinda ndi sipuling'i ndi yabwino m'njira za zitsa. Liva ya aluminiyamu singawocherereke ndi makina wamba a m'misika, ndipo ikapindika imathyoka msanga poiwongola.

Njinga zing'onozing'ono monga Bajaj Boxer zili ndi liva ya mbali ziwiri, ya zala ndi ya cidendene. Pa liva yotere mukakweza kutsogolo, kumbuyo kumatsika. Yezani kuti jombo ikhale pakati popanda kukhudza mbali iliyonse, cifukwa cidendene cacikulu cimatha kusintha giya mwini wake osadziwa.

Buleki ya kumbuyo isaiwalike

Phazi lamanja ndi lalikulu ngati lamanzere. Pedulo ya buleki ikakwera kwambiri, phazi limaitsamira ulendo wonse, dilamu imatentha, mashuzi amatha msanga ndipo mafuta amapita pacabe. Ikatsika kwambiri, munthu woimirira saifikira pa nthawi ya ngozi. Yambani ndi pedulo yolingana ndi pamwamba pa copondapo kapena yotsikirapo pang'ono.

Pa buleki ya dilamu pali zosintha zitatu, ndipo zimatsatana. Coyamba ndi kabauti koimitsa pedulo, kokhala ndi nati yokhomera. Ndiko kamanena msinkhu wa pedulo. Caciwiri ndi nati ya kumapeto kwa kamtengo kopita ku gudumu. Ipotozeni mpaka pedulo iziyenda mamilimita 20 mpaka 30 buleki isanayambe kugwira, kenaka zungulitsani gudumu m'mwamba kuti mumve ngati silikukhula. Cacitatu ndi swichi ya nyali ya buleki. Gwirani thupi la swichi, potozani nati yake yokha, mpaka nyali iziyaka buleki itatsala pang'ono kugwira.

Pa buleki ya disiki msinkhu umasinthidwa pa kamtengo kolowa m'kapampu ka mafuta a buleki. Siyani kampata koti pedulo izigwedera pang'ono isanakankhe kapampuko. Mpatawo ukasowa, mafuta sabwerera, buleki imatentha ndi kudzimanga yokha muli pa liwiro.

Zopondapo

Yambani ndi kuona ngati zilipozo zili bwino. Copondapo cimagwira pa pini, sipuling'i, washa ndi sipiliti pini. Pa njinga yakale dzenje la pini limakula, copondapo cimawerama kunja, ndipo phazi limatsetsereka. Munthu wolemera amafulumizitsa kuwerama kumeneku. Pini yatsopano, kapena kadontho ka citsulo kowocherera pamene copondapo cimatsamira, kamacibweza pamalo pake. Mano a pamwamba akafumpha, anoleni ndi tupa mosawasongola ngati mkondo, kuti asang'ambe majombo. Kumene kuli mphira yomangidwa ndi kabauti pamwamba pa mano, icotseni nyengo ya mvula. Mudzapeza kugwira kwabwino m'matope komanso mpata woonjezera wa mwendo popanda kulipira kanthu.

Zopondapo za njinga zakale ndi zopapatiza, ndipo phazi lalikulu limazimva ngati laponda pa mpeni munthu akaimirira nthawi yaitali. Njinga zamakono za m'fumbi zimakhala ndi zopondapo za masentimita pafupifupi asanu kapena asanu ndi limodzi m'lifupi mwake. Wowocherera angathe kukuza zanu poika kacitsulo ka mano m'mphepete. Wa phazi lalitali apemphe kuti kacitsuloko kaikidwe kumbuyo, pakuti akakaika kutsogolo amadya mpata womwe uja wa pakati pa copondapo ndi liva. Pakatinso pakhale poboola kuti matope azigwa.

Kutsitsa zopondapo ndiko kusintha kwakukulu. Sentimita imodzi kapena awiri imamveka kwambiri m'maondo, ndipo poimirira mahandulo amakhala ngati akwera. Koma sentimita iliyonse mwaicotsa pa mpata wa pakati pa phazi ndi nthaka. M'njira za ngolo, mmene magudumu akumba ngalande ziwiri, copondapo cotsika cimakola m'mphepete, ndipo zala zoloza pansi zimapanikizika pa citsa. Conco musapitirire masentimita awiri, ndipo zolowerani kuponda ndi kutsogolo kwa phazi pamene simukusintha giya. Mukatsitsa, onani ngati kiki ndi sitandi zikuyendabe popanda kugunda, ndiponso tsitsani liva ndi pedulo mofanana.

Pa nchito yonseyi sungani malamulo atatu. Kuwocherera kucitike copondapo citacotsedwa pa njinga, kutali ndi thanki ya petulo ndi mawaya a magetsi; felemu yeniyeniyo musaidule kapena kuiboola. Copondapo cizipindikabe m'mwamba ndi kubwerera ndi sipuling'i yake, cifukwa couma gwa cimathyola felemu kapena mwendo cikagunda mwala. Pomanga, ikani sipiliti pini yatsopano. Msomali kapena kawaya kamadyeka ndi kugwedezeka, ndipo copondapo cikacoka munthu ataimirira, kugwa kwake kumakhala koopsa.

Mpando, mahandulo ndi sipuling'i

Kwa wamtali miyendo, kukweza mpando nthawi zambiri kumaposa kutsitsa zopondapo, cifukwa kumamasula maondo popanda kuyandikitsa mapazi pansi. Osoka mipando ya galimoto angaonjezere siponji yolimba ya masentimita awiri kapena atatu ndi kukutanso. Siponji yofewa ilibe phindu, imaphwa pa sabata limodzi. Mpando wokwera umacepetsanso nchito ya nchafu pocoka pokhala kupita poimirira.

Ngati poimirira mukuwerama ngati wolima ndi khasu lalifupi, masulani mabauti ogwira mahandulo ndi kuwapendeketsa kutsogolo pang'ono, kuti alingane ndi mafoloko a gudumu la kutsogolo. Zikapanda kukwanira, pali tizitsulo tokwezera mahandulo ta masentimita awiri kapena atatu. Mukaika, lizani injini ndi kukhotetsa mahandulo mpaka pothera mbali zonse ziwiri. Injini ikakweza mawu yokha, waya wa mafuta wakokeka, ndipo njinga isayende mpaka mutaukonza. Onaninso waya wa kilachi ndi wa buleki ya kutsogolo.

Kwa wolemera, yezani kutsika kwa kumbuyo. Nyamulani njinga kuti gudumu la kumbuyo lilendewere, yezani kucokera pa bauti ya pakati pa gudumu kufika pa cizindikiro ca pa madigadi, kenaka yezaninso mutakhalapo ndi katundu wanu wa masiku onse. Kusiyana kwake kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse wa shoko. Kukapitirira, limbitsani sipuling'i pa makwerero ake. Kumene kuli mashoko awiri, onse akhale pa khwerero limodzi. Buku la njinga limanenanso kulemera kumene ingasenze, kuphatikiza inu, wokwera kumbuyo ndi thumba la pa kaliyala.

Kuyesa, ndi njinga yokwera anthu ambiri

Sinthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe cimene cathandiza. Valani helemeti, pezani bwalo lopanda ana ndi ziweto, ndipo yendani pang'onopang'ono mukukweza ndi kutsitsa magiya onse, poyamba mutakhala, kenaka mutaimirira. Gwirani buleki ya kumbuyo kangapo. Mukayenda makilomita awiri kapena atatu osaigwira, imani ndi kuyandikitsa dzanja pa dilamu kapena disiki. Ikatentha, buleki ikukhula. Patsani thupi masiku angapo kuti lizolowere musanasinthenso.

Njinga zambiri za alangizi ndi za boma, za bungwe kapena za kopaletivu. Kusuntha liva ndi pedulo kumabwezeka mosavuta, koma musanadule kapena kuwocherera kanthu pemphani cilolezo kwa oyang'anira, ndipo sungani zitsulo zoyambirira. Kumene njinga imodzi imakwera anthu awiri osiyana msinkhu, lembani timizere tiwiri ta penti yosiyana pa shafuti, lembaninso m'buku la maulendo kuti liva ndi pedulo zili pa mzere wa yani. Wolandira njinga m'mawa ayese giya ndi buleki pabwalo asanatuluke pa cipata, ndipo sipanala ya 8 ndi ya 10 zizikhala m'kabokosi ka zida nthawi zonse.